Mpeni wa bambo unabuntha pa Khirisimasi

Ndikukumbukira chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato a pa Kachulu n'kukhala pamatope ong'aluka, fungo la matemba n'kutheratu m'mudzi. Pakhomo pathu panatsala mbuzi imodzi yowonda, ndipo bambo ananenetsa kuti pa Khirisimasi tidya imeneyo.

Kwathu Mkhristu akafuna kuti Asilamu oyandikana nawo adye nawo nyama, sazinga yekha chiweto, amaitana Msilamu. Wotizingira anali Che Saidi, msodzi wa kuseri kwa nyumba yathu. Koma iwo ndi bambo anali atayambana pa za malire a munda wa mpunga, ngakhale moni sankapatsana. Ine mtima unali pa mwana wa Che Saidi, Asiyatu, mnzanga wa fulaye, amene masiku amenewo ankagonera mango owiritsa. Bambo akanazinga okha, Asiyatu sakanalawa ngakhale msuzi.

M'mawa wa tsikulo bambo anakhala pamwala n'kumanola mpeni, kunola kosatha. Anali mkulu wa mpingo, ndipo malamulo khumi ankatilowezetsa kamtengo kali m'manja. Mayi, akupeta mpunga, analankhula osadzutsa mutu.

"Bambo a Esinati, Lamulungu lapitali munalalikira kuti malamulo onse atsamira pa kukonda mnzako. Mnzanuyo ndi uti, wa ku Yerusalemu?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Bambo anayang'ana mpeni, anayang'ana mbuzi, kenako anamasula chingwe. Mbuzi inakana kuyenda, ndiye mkulu wa mpingo wathunthu, ali mu jekete la kutchalitchi, anaikoka ikulira, mudzi wonse ukuonerera.

"Odi, Che Saidi! Mpeni wangawu wabuntha."

Che Saidi anaulandira n'kuuyesa ndi chala. Unali wakuthwa woti munthu n'kumetera ndevu.

"Wabunthadi, achimwene," anatero. "Bwerani nayo kuno."

Masana ine ndi Asiyatu tinadyera mbale imodzi, mafuta kuyenderera mpaka m'zigongono. Ndinasangalala kuposa tsiku limene anandigulira nsapato. Za malire zija azibambowo anakanganabe mpaka kukalamba, koma ankayamba ndi moni.

Lero ndimakhala m'tauni ya Zomba, m'nyumba ya mpanda, ndipo nyama timagula yodula kale kubutchala. Anthu timangoonana m'mawindo a galimoto. Komabe Khirisimasi ikafika ndimagula nkhuku yamoyo, n'kukagogoda pageti la banja lachisilamu loyandikana nafe. Ana anga amadabwa, amati, "Amayi, mpeni tili nawotu." Ndimawauza kuti wabuntha.