Nsapato Zimene Ndinaika M'diramu

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mnzanga wa ku Zambia, amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba kuno kunja, m'tauni ya Rotherham. Tinali kuyala bedi la agogo ena, iye mbali iyo, ine mbali ino.

"Asisi, imwe ndinu obisa zinthu!" anatero. "Mwana wanu amusankha kuchaya bola Loweruka, ndipo muli chabe zii monga simudziwa."

Ndinangoseka. Sindinkadziwa. Mwana wake ndi wanga amasewera mpira wa miyendo m'timu imodzi ya atsikana, ndiye anandifotokozera zonse. Kunkabwera timu ya azimayi ochokera kumwera kwa dziko la France, koma osati m'dzina la France. Ankabwera m'dzina la anthu olankhula Chiokisitani, chilankhulo cha makolo awo chimene akuti chikutha. Atsikana athu anali atadikira masewerowa kuyambira nthawi yozizira.

Chimene mnzangayo sankadziwa n'chakuti nsapato za mpira za mwana wanga zinali zitachoka kale m'nyumba, ndipo ndinazichotsa ndine.

Mwana wanga ndi mmodzi yekha. Ndinabwera naye kuno ali ndi zaka zinayi, pano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo akuphunzira za unamwino. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iye tsiku lililonse. Koma za mpira wa miyendozi zinkandivuta mumtima. Kwathu ife atsikana tinkaponya mpira ndi manja, wa miyendo unali wa anyamata. Chinanso, masewero ambiri amachitika Lamulungu, ndipo amayi a kutchalitchi ankandifunsa kuti, "Mtsikana uja ali kuti lero?" Ine manyazi. Ndinamuletsa kangapo. Iye ankangoti chabwino, kenaka n'kumabisa nsapato zake pansi pa masitepe, kuseri kwa makina osesera.

Sabata ya masewero a alendowo ndinali kudzaza diramu lotumiza kumudzi. Amene muli kuno mukudziwa mmene timachitira: sopo, zovala zimene zatichepera, mafuta odzola, chilichonse chimene chingathandize. Pamwamba panatsala malo pang'ono. Ndinapita pansi pa masitepe, ndinatenga nsapato zija, ndinazikulunga m'thawulo n'kulembapo kuti ndi za mwana wamwamuna wa achimwene anga. Ndinadziuza kuti ndikuchita zabwino ziwiri nthawi imodzi. Galimoto inadzatenga diramulo Lachiwiri. Mnzanga uja anandiuza nkhaniyi Lachinayi.

Lachisanu m'mawa ndinamva mwana wanga akugubuduza zinthu pansi pa masitepe. Ndinali nditangomaliza kupemphera, Baibulo likadali m'manja. Analowa n'kundifunsa m'Chingerezi, monga amachitira, ngati ndaona nsapato zake.

"Nsapato ziti? Iwe zinthu zako umangotaya paliponse," ndinatero.

"Mami, chonde. Mawa ndi tsiku lalikulu."

"Sindikudziwa."

Mawu amenewo anatuluka mosavuta, ndipo mpaka lero ndimadabwa nawo. Nsapato zatsopano sakanagula, chifukwa akuti zatsopano zimaluma ukapanda kuzizoloweza kaye. Anabwereka kwa mnzake wa phazi lalikulu, n'kuvala masokosi awiriawiri.

Loweruka mnzanga anandikakamiza kupita. Tinakwera basi, tinakaima kumbuyo kwa mpanda, ine nditafunda chitenje pamwamba pa jekete. Aka kanali koyamba kuona mwana wanga ali m'bwalo. Alendowo anavala zofiira zokhala ndi mtanda wachikasu. Asanayambe anagwirana mapewa n'kuimba m'chilankhulo chawo, ndipo amayi achikulire amene anabwera nawo, ena aimvi ngati amene ndimawasambitsa kuntchito, ankaimba nawo akugwetsa misozi. Mmodzi anagwada pa udzu wonyowa n'kumanga zingwe za nsapato za mwana wake, mtsikana wamkulu ndithu, n'kumumenya kakhofi pa mwendo kuti pita. Mnzanga anandigunda ndi chigongono.

"Mwaona? Awo achoka kutali kudzaona ana awo. Ise basi imodzi chabe, tili kubisala monga akawalala oba zinthu."

Mwana wanga amathamanga, abale. Sindinkadziwa. Anadutsa alendo awiri ngati aima, ndipo ndinadzidzimuka ndikululuta ndekha pakati pa azungu. Koma ndinkaonanso kuti akafuna kukhota, phazi linkaseseleka m'kati mwa nsapato. Atabwerako kopuma, anakhota mwamphamvu pafupi ndi golo. Nsapato inakanirira m'matope, thupi linatembenuka, bondo silinatsatire. Kulira kwake ndinakumva ndili kumpanda.

Woyamba kufika pa iye anali mtsikana wa timu ya alendo. Anamugwira mwendo kuti usagwedezeke, akumulankhula motsitsa mawu m'chilankhulo chake. Mayi amene anamanga zingwe uja anavula jekete lake n'kumufunditsa. Ine nditafika ndinagwada, ndipo mayiyo anandigwira phewa. Anandiona ngati mayi mnzake wabwino. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Kuchipatala anati mtsempha wa m'bondo waduka. Ndinafunsa adokotala pambali ngati nsapato zazikulu zingachititse zimenezi. Anati mwina, mwinanso ayi, zimachitika ngakhale kwa ovala zawo. Ndinagwiritsa mawu akuti "mwinanso ayi" miyezi itatu. Ndinkamuphikira, kumuthandiza kukwera masitepe, kumupempherera ndi dzanja langa pa bondo lake. Iye ankati, "Zikomo Mami, munabwera kudzandionera." Nthawi iliyonse ndinkati ndimuuza mawa.

Diramu limatenga pafupifupi miyezi itatu kuti lifike. Tsiku lina masana, tikudya, mafoni athu onse awiri analira. Achimwene anali atatumiza chithunzi pa gulu la banja. Nsapato zija zinamuchepera mwana wawo wamwamuna, ndiye pachithunzipo panali mlongo wake, atazivala, mpira uli kuphazi, akumwetulira. Pansi analemba kuti, "Zikomo azakhali, mwamulimbikitsa. Akusewera timu ya pasukulu."

Mwana wanga anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Zingwe za mitundu iwiri zimene anaikamo yekha zinali kuoneka bwinobwino.

"Munati simukudziwa," anatero.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wake, ine mayi wake, n'kumuuza zonse. Sindinadziteteze. Sanakuwe, sanalire. Anati za bondo sangandiimbe mlandu, chifukwa palibe akudziwa. Koma anati tsiku lililonse limene ndinaika dzanja pa bondo lake n'kupemphera, ndinali ndikudziwa kumene nsapatozo zinapita. Anatenga ndodo zake zoyendera n'kukwera masitepe yekha. Nditafuna kumugwira, anati, "Ndisiyeni."

Opaleshoni yake ndi mwezi wamawa. Pafomu ya kuchipatala, pamene amalemba munthu wodzamutenga, iye sanalembepo dzina langa kapena la wina aliyense. Amandipatsa moni, amadya chimene ndaphika, ndipo ndimathokoza pa zimenezo. Koma kupemphera limodzi anasiya, ndipo sindinamukakamize.

Inu amene mwawerenga izi, mutikumbukire m'mapemphero anu, ife banja la anthu awiri. Mupemphere kuti bondo lake lichire abwerere m'bwalo, ndi kuti tsiku lina adzathe kukhulupiriranso mawu a mayi ake.