Khoma Limene Tinazira ndi Amayi Kumapiri

Mwalawo unali wakuda, wosalala, wokwana bwino m'dzanja la amayi koma wondilemera ine. Anautola m'khwawa louma tsiku limene tinafika kumapiri, n'kuupukuta pachitenje, n'kunena kuti kwathu ku Dedza mwala wotere sungagone pansi, mkazi aliyense angaulimbirane kuti azizirira m'nyumba. Ine kuzira sindinkakudziwa. Ndinakulira m'dziko la Aarabu lino, ku International City, m'chipinda chogawa ndi bolodi, momwe pansi panali matailosi ndipo dothi tinkaliona m'miphika ya maluwa basi. Kwa ine kwathu kunali dzina chabe limene amayi ankalitchula akatopa.

Inali holide ya mwezi wa Malichi, kutentha kusanafike poipa, ine ndili mu giredi 4. Amayi anali oyembekezera, miyendo itatupa, ndipo lifiti ya nyumba yathu inali itafa. Bambo anali mlonda ku Jebel Ali, ankagona kunyumba za kampani n'kumabwera Lachisanu lokha. Ndiye amalume, achimwene awo a amayi, anati tipite tikapumeko kumene ankagwira ntchito. Anatitenga pa pikapu ya kampani, tinayenda mpaka nyumba zazitali zinatha, mchenga unatha, tinalowa m'mapiri a miyala yokhayokha.

Malowo ndi a boma, otetezedwa. Simuloledwa kusaka, kudula mtengo, ngakhale mwala umene amayi anatola uja ndinadzamva nditakula kuti sunayenera kuchoka pamalo pake. M'katimo munali kamudzi kakale ka nyumba zamiyala ndi dothi, madenga a masamba a kanjedza, eni ake atasamukira m'tauni kalekale. Kampani ina inachita lendi nyumbazo kuti izisandutse malo ogona alendo. Boma linavomera, koma linamanga kampaniyo manja ndi miyendo. Simenti inali yoletsedwa, khoma likagumuka ankalikonza ndi dothi ngati kale. Magalimoto ankathera pageti. Amalume, amene ankayang'anira antchito, ankatikumbutsa m'mawa uliwonse kuti madzi a sopo asakhudze ngalande yotsikira kumunda, ndipo mphaka wina atalowa pamalopo anamuthamangitsa ngati wakuba. Ankati lamulo limodzi likasweka, boma litenganso nyumba zake ndipo onse akwera ndege. Ifenso tinali lamulo losweka kale, chifukwa abale a antchito sankaloledwa kugona kumeneko. Koma alendo anali asanayambe kubwera, bwana ankafika mwa apo ndi apo, ndiye amalume anati palibe adziwe.

Ntchito yonse ya dothi inali m'manja mwa mkulu wina wa ku Pakistan, wa ndevu zopaka mankhwala ofiira. Aliyense ankawatcha Chacha, kutanthauza amalume m'chinenero chawo, choncho holide imeneyo ndinali ndi amalume awiri. Iwo ankanditcha beti, mwana wamkazi. Anabwera m'dziko lino ine ndisanabadwe, koma Chingelezi chawo chinali chochepa kuposa changa, ndipo ndinkawakonza mwamatama, iwo n'kumaseka. Ankaponda dothi losakaniza ndi udzu ndi mapazi, buluku atapinda m'mawondo. Anandionetsa tinsomba ta m'ngalande, tating'ono ngati chala changa, timene tinkabwera kudzandijompha kumapazi ndikaviika m'madzi. Masana tinkamwa tiyi wa mkaka wotsekemera kwambiri pansi pa mitengo ya tende, kanjedza wa zipatso zotsekemera, mbuzi za kuphiri zikulira patali. Ndikanena zoona, ndinkawakonda kuposa amalume anga enieni, amene nthawi zonse anali pafoni ndi bwana.

Nyumba yomalizira, ya kumtunda, inali isanakonzedwe ndipo sinkayenera kukhudzidwa mpaka chilimwe chitatha. Pakhoma lake panali una, ndipo pa unawo m'mawa uliwonse pankakhala kadzidzi wamng'ono, wa maso achikasu, wosaposa chibakera cha munthu wamkulu. Sankaopa dzuwa. Ankangokhala, kugwedeza mutu, n'kumayang'ana. Tsoka lake, zenera la chipinda chathu linaloza khoma limenelo.

Amayi atamuona koyamba anagwira pamimba n'kutembenuka. Chaka cha m'mbuyo mwake, mwana amene akanakhala mng'ono wanga anabadwa osalira, ndipo agogo anawauza pafoni kuti sabata yomweyo kadzidzi analira padenga lawo ku Dedza. Amayi anali mayi wa kwaya, opemphera, koma zimenezo anazisunga. Anauza amalume kuti mbalameyo ichoke. Amalume anaseka, amvekere akadzidzi a kuno ndi Aarabu, Chichewa sakuchidziwa, uthenga wa maliro angaupereke bwanji. Kenaka anasiya kuseka, n'kunena kuti mbalameyo boma limaidziwa kuposa mmene limadziwira iwo, ndipo pali mayi wina wa zachilengedwe amene amabwera kudzaiona.

"Achemwali, nyumba ija musaiyandikire. Ndikupemphani."

Amayi anakoloweka chitenje pazenera, koma ndinkawaona akuchikankhira pambali kuti aone ngati kadzidziyo adakalipo. Analipo tsiku lililonse.

Masiku ano ndimagwira ntchito mu ofesi ku Silicon Oasis, ndipo anzanga ndikawauza kuti amayi anga ankaopa kadzidzi amaseka. Ine sindiseka nawo. Mayi amene anatuluka m'chipatala manja ali zii, ali kutali ndi mayi ake, ndingamuweruze bwanji? Komabe sindingawachotsere mlandu wonse, chifukwa anauzidwa.

M'mawa wina amalume anapita kutauni kukatenga katundu, Chacha ali kumunsi kwa munda. Amayi anandiuza kuti nditenge ndowa. Tinatapa dothi pamulu wa Chacha, loponda kale, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Amayi anaponya kamwala, kadzidzi anauluka kukatera paphiri. Anakwera pa kreti, mimba ili patsogolo, n'kuyamba kulowetsa miyala mu una ine ndikuwapatsira. Ndili pansi pa khomalo ndinamva kaphokoso kuchokera m'kati, ngati mpweya wotuluka m'chubu cha njinga. Sindinkadziwa kuti ana a kadzidzi amalira choncho. Amayi sindidziwa ngati anamva, ndipo mpaka lero sindinawafunse.

Atamata unawo anaona kuti chigambacho chikuoneka, ndiye anati tizire khoma lonse kuti lifanane. Apa ndi pamene pamandiwawa, chifukwa m'mawa umenewo ndi umene ndinasangalala kwambiri pa ubwana wanga wonse. Amayi anandiphunzitsa kutapa dothi ndi dzanja, kuliyendetsa mozungulira, kuwaza madzi, kenaka kusalaza ndi mwala mpaka liwale. Ankaimba nyimbo ya chinamwali imene ndinali ndisanaimvepo. Mayi amene ndinkamudziwa wa pa basi, wogwira chikwama mwamantha, wopepesa kwa aliyense, anali atasowa. Anandiuza kuti ndili ndi dzanja la agogo. Dzuwa likufika pamutu khoma linali litasalala, lofiirira, lokongola kuposa makoma onse a m'mudzimo, ndipo ndinaima patali n'kumaliyang'ana, matope ali m'tsitsi.

Kadzidzi anabwerera madzulo. Anatera padenga, anatsikira pakhoma, anakanda dothi louma, anabwereranso padenga. Mawa lake anabwera awiri. Amayi anasiya kudya. Amalume atabwerako n'kuliona khomalo anakhala pansi pa mwala, manja ali kumutu, ndipo ine ndinkaganiza kuti agoma ndi ntchito yathu. Anafuna kugumula pomwepo, koma anaopa kuti chibowo chatsopano chioneka kuposa khoma losalala. Anati tidikire, mwina mayi uja achedwa kubwera. Kudikira kumeneko ndi gawo la amalume pa mlanduwu, ndipo amalidziwa.

Mayi wa zachilengedwe sanachedwe. Anabwera wapansi kuchokera pageti, atavala malaya a khaki ndi mpango wakuda, ali ndi bwana wa kampani. Ine ndinali pakhomo. Bwanayo ataona khoma anaomba m'manja, anati ntchito yabwino bwanji, makoma onse akhale ngati ili, alendo adzajambulitsa pomwepa. Ndinafuna kuthamangira komweko, koma amayi anandikokera m'chipinda n'kutseka chitseko, chifukwa ife sitinkayenera kuoneka. Ndinakwera pabedi n'kusuzumira m'mbali mwa chitenje. Ndinaona mayiyo akugwira khoma, kenaka akukumba ndi kampeni, msana wake utanditchinga. Anavula chipewa cha bwana kumutu kwake n'kuikamo zinthu zimene sindinazione. Antchito onse anaitanidwa. Mawu ambiri sankafika, koma funso limodzi linamveka bwino chifukwa analifunsa mokweza: wachita izi ndani?

Amalume anayang'ana nsapato zawo. Chacha anayang'ana khoma, anayang'ana zenera lathu, kenaka anaika dzanja pachifuwa, kuvomera kuti ndi iwo.

Zotsatira zake ndinazitolera pang'onopang'ono ndikukula, kuchokera m'manong'onong'o a akuluakulu. Mu una munali ana a kadzidzi, onse atafa. Boma linafuna kulanda nyumbazo, koma linasiyira kampani chenjezo lomaliza, bola wolakwayo achotsedwe. Aliyense ankadziwa kuti dothi ndi la Chacha, ndiye palibe anafunsa kawiri. Chikhala kuti choonadi chinatuluka, amalume akanachotsedwa ntchito chifukwa chosunga abale pamalo oletsedwa, ndipo nkhani ya mayi wowononga chisa pamalo a boma ikanafika kupolisi, mwinanso ikanakhudza mapepala a bambo amene tonse tinkakhalira. Visa ya Chacha inathetsedwa, anabwerera kwawo. Mchimwene wanga anabadwa wamoyo, wonenepa, lero ndi wamtali kundiposa. Amalume anakwezedwa pantchito. Ine ndinamaliza sukulu kuno, ndili ndi fulati yanga ku Discovery Gardens. Zonsezi zinamera pa dzanja limene linaikidwa pachifuwa tsiku lija, ndipo ndimachita manyazi nazo. Ndinafunsapo amalume dzina lenileni la Chacha ndi mudzi wa kwawo kuti ndiwafunefune. Anati anaiwala, ndipo ndinaona kuti sakunama.

Chifukwa chimene anachitira zimenezo sindichidziwa. Mwina anaona mimba ya amayi. Mwina anali atatopa kale ndi dziko lino. Nthawi zina ndimadzinamiza kuti ankafuna kupita kwawo, koma munthu wofuna kupita kwawo salira polongedza zida, ndipo antchito ena anati analira.

Tsiku lonyamuka anabwera pakhomo pathu m'mawa, atavala zoyera za ku mzikiti, atanyamula kathumba ka tende. Amalume anali atayatsa kale pikapu kugeti, akuitana kuti yalla, yalla, tiyeni, koma osatsika. Amayi anatuluka n'kugwada pansi polandira kathumbako, mawondo onse awiri pamiyala, ndi mimba yonse ija. Chacha anadabwa, anabwerera m'mbuyo, akuwapempha ndi manja kuti adzuke, pakuti kwawo mkazi sagwadira mlendo. Amayi sanadzuke.

Kenaka Chacha anandiyang'ana ine n'kutambasula dzanja. Ine ndinali nditakwiya kuyambira tsiku lija. Ndinabisa manja kumbuyo n'kuwauza m'Chingelezi changa cha kusukulu, momveka bwino kuti amve:

"Munanama. Khoma lija si inu, tinazira ndi ife, ine ndi amayi."

Amayi ananditseka pakamwa. Chacha anaseka pang'ono, anandigwira pamutu.

"Khalas, basi, beti. Linali lokongola."

Anatsika kupita kugeti ndi chikwama chimodzi, ndipo sindinawabayibitse. Ndinakhala pakhomo ndikutafuna tende wawo, ndidakali wokwiya. Sindinkamvetsa kuti munthu wamkulu wa ndevu angabere bwanji mwana chiyamikiro cha ntchito yake, bwana ataomba m'manja chonchija. Ndipo chimene chinandisokoneza kwambiri chinali chakuti amayi, amene ankandikwapula pa kabodza kakang'ono kalikonse, anali adakagwadabe pamiyala, akuyang'ana kumene munthu wabodza uja analowera.