Anesi a Maso ndi Ng'ala ya a Yahaya

Aliyense amene anadwalapo maso pakati pa Benga ndi mtsinje wa Bua amawadziwa mayi Fyness Kamphinda, ndipo ambiri anawadziwa tsiku limene anawakalipira. Ndi mayi wamfupi, wamawu aakulu, woyenda ndi katochi m'thumba la yunifolomu. Agwira ntchito ya unamwino wa maso kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anthu amangowatchula kuti anesi a maso.

Anabadwira kwa Malengachanzi, m'banja la alimi a mpunga. Ali Fomu 2, mayi awo anagweredwa ndi kankhusu m'diso akupuntha mpunga. Achibale anathiramo shuga. Diso litafiira, anafinyiramo madzi a masamba a tomato. Pofika kuchipatala patatha milungu itatu, diso lija linali litafa. Ichi n'chifukwa chake mpaka lero anesiwa safunsa wodwala kuti akumva bwanji. Funso lawo loyamba ndi lakuti, “Mwathiramo chiyani?” Ukakana amakuyang'ana osaphethira mpaka uulule, kenako amakuuza kuti diso si ndiwo zoti aliyense wodutsa azithiramo zake.

Amuna awo, a Eston, omwe ndi mphunzitsi, amadandaula kuti kunyumba kwawo munthu sungayasamule mwamtendere. Ukangotulutsa msozi, mayi afika kale, akukoka chikope kuti aone m'kati.

Lachinayi lililonse mayi Fyness amakwera njinga yamoto kukayendera midzi. Pa ulendo wina wotere, chaka chatha, anafika pamudzi wina kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, n'kupeza a Yahaya atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. A Yahaya anali osoka maukonde otchuka, koma panali patatha zaka zitatu maso onse awiri atachita ng'ala. Akazi awo, mayi Maimuna, ndi amene ankawagwira dzanja popita kubafa, kuwaperekeza mpaka pakhomo la mzikiti, ndiponso kuwachotsera minga m'nsomba.

Anesi anaunika maso aja ndi katochi kawo. “Bambo, ng'ala iyi yakhwima bwino. Madokotala akubwera mwezi wamawa. Ndikulembeni dzina?”

“Ayi, mwanangu,” anayankha a Yahaya. “Ndinamva zimene mumachita. Mumachotsa diso, kulitsuka m'beseni, likakana kubwerera mumaikamo la mbuzi.”

“Mbuzi zikudula, bambo. Sitingawonongere inu.”

A Yahaya anaseka, koma anakanabe. Anesi anabwerako kachiwiri, anakananso. Ulendo wachitatu anabwera ndi a Habibu, mkulu wina wa ku Benga amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, atawakweza kumbuyo kwa njinga. A Yahaya anawapapasa a Habibu kumaso, anawafunsa ngati salakalaka msipu, kenako anati dzina lilembedwe.

Opaleshoni ya diso lakumanja inatenga mphindi zosakwana makumi atatu. M'mawa mwake mayi Fyness anamatula bandeji pang'onopang'ono, n'kupukuta manthongo ndi thonje. A Yahaya anaphethira kangapo, anayang'ana zala zawo, kenako anatembenukira kwa akazi awo.

“Maimuna, imvi zonsezi zabwera liti?”

“Mwandipatsa ndinu,” anayankha mayiwo, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Anesi anawaphunzitsa mayi Maimuna kudontheza mankhwala: kusamba m'manja ndi sopo, kukoka chikope chapansi, dontho limodzi lokha kanayi patsiku, kamwa ka botolo kasakhudze diso. Bambowo asakhale pautsi, asatikite diso, asanyamule zolemera. Anawauza kuti abwererenso pakatha sabata.

Tsiku litakwana, a Yahaya analowa m'chipinda cha maso akukokedwa dzanja ngati kale, mapazi akufufuza pansi.

“Zabwereranso, anesi,” anatero ndi mawu achisoni. “Ndikungoona nkhungu.”

Mayi Fyness anatulutsa katochi kawo. Anaganiza za mafinya, anaganiza za shuga. Anafunsa funso lawo lija katatu, ndipo mayi Maimuna analumbira kuti m'disomo simunalowe kanthu kena koposa mankhwala. Ataunika, diso linali loyera bwino, bala litapola ngati la mwana. Anawakhazika bambowo pampando, n'kuwaonetsa chipepala cha pakhoma chokhala ndi chilembo cha miyendo itatu, chachikulu pamwamba, chomacheperachepera potsika. Ntchito ya wodwala ndi kuloza ndi dzanja kumene miyendoyo yaloza.

Miyendo ikaloza kumwamba, a Yahaya ankaloza pansi. Ikaloza kumanja, iwo kumanzere. Anesi anatsika mzere wachiwiri, wachitatu, mpaka wotsiriza, umene ngakhale achinyamata ena amaulephera. Sizinasinthe. Anapempha mayi Maimuna kuti akadikire panja, n'kutseka chitseko.

“Bambo, munthu wosaona amalakwitsa zina, zina n'kukhoza mwangozi. Inu mwalakwitsa zonse, molongosoka, mpaka mzere wapansi. Diso lanu likuposa langa.”

A Yahaya anakanda chipewa chawo, n'kuyang'ana pazenera, pamene namzeze anali kumanga chisa. Anamutsatira ndi diso mpaka anakumbukira kuti sayenera kumuona.

“Mwanangu, usandiulule,” anatero motsitsa mawu. “Zaka makumi anayi ndakhala ndi mayi aja. Ine kudoko, iwo kudimba, kukumana pa chakudya basi. Koma zaka zitatu izi amakhala nane pamkeka, kundiuza amene wadutsa, zimene wavala, amene wakangana ndi mnzake. Ndikapenya, abwerera kudimba. Ndipo andipatsa khasu.”

“Chimene mukuopa kwambiri n'chiti, kusungulumwa kapena khasu?”

“Zonse zili ndi kulemera kwake.”

Mayi Fyness analuma mlomo kuti asaseke. Anawauza kuti bodza sangawanenere, koma choonadi chokha chinali chowakomera: kwa milungu ina itatu sayenera kulima, kuwerama nthawi yaitali, kapena kukhala pafumbi. Ikatha imeneyo, adzionere okha. Kenako anatuluka kukalankhula ndi mayi Maimuna, akusankha mawu oti ayambire. Anawapeza pabenchi akusenda chinangwa chophika, nkhope ili phee.

“Musavutike, anesi,” anatero mayiwo. “Ndinadziwa tsiku lachiwiri atayamba kunena za nkhungu. Ndinaika mitu iwiri ya chambo m'mbale, dzanja lawo linapita molunjika pa waukulu. Dzulo alumpha ndowe za ng'ombe panjira, kenako n'kundiuza kuti anamva fungo.”

“Nanga bwanji mukuwagwirabe dzanja?”

Mayi Maimuna anayang'ana chinangwa chawo. “Asanadwale sanandigwirepo dzanja pagulu. Ndati ndidyerere kaye.”

Anesi anabwerera m'chipinda. M'buku analemba kuti diso likuona bwino kwambiri, ndipo banjalo linatuluka pageti litagwirana manja, aliyense akuganiza kuti wapusitsa mnzake.

Patatha miyezi itatu a Yahaya anachitidwanso opaleshoni ya diso lakumanzere, ndipo ulendo umenewo analoza zilembo zonse molondola. Khasu analipewabe. Anauza akazi awo kuti anesi analetsa fumbi kwa moyo wonse, zomwe mayi Fyness amakana kwamtuwagalu. Koma anabwerera ku maukonde, ndipo amasokera pansi pa mango paja, mayi Maimuna akupeta mpunga chapafupi. Chaka chino atumiza kale okalamba asanu ndi mmodzi kuchipinda cha maso. Aliyense amafika atachenjezedwa kuti opaleshoni siwawa, koma anesi aafupiwo usayese kuwanamiza pa zilembo.