Ndege yachikasu ya apongozi

Apongozi anga aamuna atabwera kudzationa ku Etobicoke, ku Canada, chapakati pa zaka za m'ma 90, analibe nazo ntchito nyumba zosanja za m'tauni. Ankangokhala pakhonde la fulati yathu n'kumanyoza ndege zotera pabwalo lalikulu. "Mabasi awa," ankatero. Kwa iwo ndege inali imodzi yokha, yachikasu, yophunzitsira asilikali.

Ali mnyamata, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anapita ku Halale n'kupeza ntchito yopaka ndege zimenezi penti. Ankati ankazipaka chikasu kuti ena aziona patali kuti kukubwera wophunzira, azipatuka, komanso ndege ikagwa m'tchire isavute kupeza. Pamphuno ankapaka wakuda kuti dzuwa lisathobwe woyendetsa, manambala akuluakulu kunsi kwa mapiko. Nkhondo itatha anayamba kuzisiya zasiliva, chikasu chikungokhala ngati lamba, ndipo iwo ankati zinavulidwa. Zaka zonsezo ankakwera paphiko opanda nsapato kuopa kukala penti, koma pampando wa woyendetsa sanaloledwe kukhalapo. Chimene ankafuna asanamwalire chinali chimenecho.

Nkhanizi ndinkazimva ndili kukhitchini. Kwathu mkazi salankhula maso ndi maso ndi apongozi aamuna, ndipo mwambowo tinabwera nawo mpaka kuno. Iwo akafuna kundiuza kanthu ankauza khoma.

Mwamuna wanga anali munthu wa tayi, woopa kuoneka wakumudzi kuposa mmene ankaopera Mulungu. Bwana wake, mzungu wokalamba, ankasunga ndege yachikasu yoteroyo ndi anzake m'shedi ina kuseri kwa Brampton, ndipo anatiitana Loweruka lina.

Apongozi atangoiona, anavula chipewa. Anaizungulira pang'onopang'ono, akuisisita. Bwanayo anasangalala, n'kumenya paphiko, n'kunena m'Chingerezi kuti bambowa akwere, akhale pampando.

Apongozi anawerama n'kuyamba kumasula nsapato. Anavulanso masokosi, n'kuwaika bwinobwino m'thumba la jekete. Mapazi aja anaonekera poyera: ming'alu yakuya, zikhadabo zakuda zopindika, chala chimodzi chopanda chikhadabo. Mkazi wa bwanayo anayang'ana pansi, kenako kumbali. Sanaseke. Koma mwamuna wanga anachita ngati amuvula pamsika.

"Ababa, valani nsapato," anatero chapansipansi, mano ali panja kumwetulira azunguwo. "Akuti musakwere. Penti ndi watsopano, mumuwononga."

Kenako anatembenukira bwana wake n'kumuuza m'Chingerezi kuti bambo ake amachita chizungulire akakwera pamwamba.

Ndinamva zonse ziwiri. Mtima unandiwawa moti ndinalakalaka kumumenya ndi chikwama. Koma kuti nditsutse mwamuna pamaso pa bambo ake, ndiponso ndiwalankhule apongoziwo mwachindunji, pakamwa panakana. Mwambo umene ndinkanyadira unandimanga.

Apongozi anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Anakhala pansi pasimenti, munthu wamkulu ngati uja, n'kuvala masokosi ndi nsapato. Ataimirira anaombera bwanayo m'manja. "Zikomo, bwana," anatero. M'galimoto mwamuna wanga anatsegula wailesi n'kumaimba mluzu.

Apongozi sanakhalenso pakhonde. Tsiku loti abwerere ku Malawi, mwamuna wanga akutsitsa masutikesi, ndinagwada pakhomo la chipinda chawo kuwapatsa tiyi. Iwo anayang'ana khoma monga mwa nthawi zonse.

"Chizungu sindichidziwa," anauza khomalo. "Koma mawu akuti kwera ukhale pampando ndimawadziwa. Ankawauza anyamata achizungu m'mawa uliwonse, ine nditaima pambali ndi chitini cha penti. Ndinawadikira mawu amenewo moyo wanga wonse. Atafika, amene anandiletsa si mzungu."

Anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Pamaliro mwamuna wanga anauza anthu kuti bambo ake anakwera ndege yawo ija ku Canada, ndipo anthu anamuyamika kuti ndi mwana wosamala makolo.