Chikho cha Thobwa ku Mlolo

Madzi atakokolola munda wathu ku Mlolo kachiwiri, ndinauza amayi kuti basi, ine ndikupita ku Joni. Kumeneko ndinkasenza njerwa, kudya kamodzi patsiku kuti kangachepe kafike kumudzi. Zilonda za m'mimba zinandigwetsa pantchito, ndipo madokotala anadula mbali ina ya chifu changa.

Chitulukireni m'chipatala, chakudya sichikhazikikanso m'mimba, chimangothamangira m'matumbo. Ndikadya zambiri kapena kumwa chotsekemera, sipapita nthawi: thukuta kamukamu, mtima gugugu, m'mimba kupotokola, kenako liwiro la kuchimbudzi. Kapitawo anatopa nane, nanenso ndinatopa. Ndinkagona ndekha m'kachipinda ka malata, pafoni n'kumangoti, "Ndili bwino, amayi." Za kutsegula m'mimba ungaziyambe bwanji pafoni?

Tsiku limene ndinabwerera kumudzi, amayi anandilandira ndi chikho cha thobwa, shuga atathira mosaumira. Ndinati ndimwa nthawi ina. Mlongo wanga Esinati anandiyang'ana ndi diso loipa.

"Achimwene, mwayamba kuopa chikho cha amayi? Mukuganiza kuti athiramo chiyani?"

Kwathu kuno, wokana chakudya cha mbale wake ndiye kuti akumuganizira zoipa. Amayi anangozyolika. Mtima unandipweteka, ndipo ndinamwa chonse.

Posakhalitsa ndinali kuseri, kenako thasa pamkeka pansi pa msawu, kutentha kwa m'chigwa kukundiphika. Amayi anagwada pambali panga.

"Mayo ine! Mwananga, ndakupha ndine?"

Ndinapinda malaya n'kuwaonetsa chipsera. "Si inu, amayi. Chifu chinatsala kachidutswa. Ndiyenera kumadya pang'onopang'ono, kangapo patsiku, popanda shuga."

Anasisita chipseracho ndi chala.

M'mawa mwake anandibweretsera kasosala, muli dzira lophika ndi kachidutswa ka mlamba. Ndinachita manyazi, bambo wamkulu kudya ngati khanda. Koma amayi atakhala pansi, ndinasuzumira m'mbale mwawo. Munali timizu ta nyika towerengeka, tija timakumbidwa m'dambo nthawi ya njala. Ndipamene ndinaona bwino mikono yawo, mmene inaondera. Nawonso pafoni ankangoti, "Tili bwino."

"Idya, mwananga, usadandaule," anatero. "Kudya pang'onoko ndikuphunzitsa ndine. Ife tinayamba chaka chimene unachoka, popanda dokotala wotidula."