Injini imene tinapanga ndi a malume Yona

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene aphunzitsi athu ku Tyrrelstown anatiuza kuti aliyense akonze chinthu chodzaonetsa pa tsiku la sayansi. Ine mtima unali pa roketi, ya moto ndi phokoso ngati zimene ndinkaona pa kanema.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo ankabwera atatopa, choncho nkhaniyi ndinaitula kwa mlongo wawo, a malume Yona. Ku Malawi iwo anali mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Kuno ku Dublin ankakhala ku hositelo, kudikira yankho la pempho lawo loti akhazikike m'dziko muno. Ankabwera kwathu Loweruka lililonse, jekete itanyowa ndi mvula. Ankandiyankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chingerezi, ndipo sankadandaula.

"Roketi yako ija ndi yadyera, mphwanga," anatero. "Imameza mafuta onse m'mphindi zochepa. Tiye tipange injini ya magetsi, ngati zimene zikuyendetsa zombo za m'mlengalenga masiku ano."

Tinagwira ntchito pa tebulo la kukhitchini. Anamasula chophera ntchentche cha mabatire, n'kulumikiza waya wina ku msomali wosongoka, wina ku kampope ka kopa. Sankalola kuti ndikhudze kanthu mabatire ali m'kati. Zinatikanika ma Loweruka angapo. Tsiku limene zinatheka, ndinamva kaphokoso ngati ka udzudzu ndi kafungo kachilendo m'mphuno. Kutsogolo kwa kampopeko anaikako kandulo, ndipo lawi linawerama pang'ono.

"Basi, zomwezo?" ndinafunsa. Misozi inali pafupi.

A malume sanaseke. Anatenga pepala n'kuliika m'dzanja langa. Anati injini zenizeni za mtunduwu zimakankha ndi mphamvu yonga kulemera kwa pepalalo, ndipo sizingadzutse chombo pansi pano. Koma kumwamba kulibe mpweya wotsekereza. Magetsi ochokera ku dzuwa amathamangitsa tinthu ta gasi wotchedwa zenoni pa liwiro loopsa, injini n'kumakankha miyezi ndi miyezi osazima.

"Akatswiri safunsa za mphamvu zokha," anatero. "Amafunsanso kuti mafuta olemera kilo imodzi angakankhe kwa masekondi angati ndi mphamvu yonyamula kilo imodzi. Roketi ya moto imathera m'mazana. Iyi imafika masauzande. Ukafuna kuweruza chinthu, uziyamba wafunsa kuti chadya zingati kuti chichite zimene chachitazo."

Anandiuza kuti ndibwereze zonsezo m'Chichewa. Ndinaphotchola mawu ambiri, iwo n'kumakonza mofatsa mpaka ndinafika kumapeto.

Kutatsala sabata imodzi kuti tsiku la sayansi lifike, a malume sanabwere. Ndinakhala pa windo mpaka madzulo, kuyang'ana basi iliyonse imene inkaima. Amayi atabwera anakhala pansi osavula nsapato, n'kundiuza kuti pempho la a malume linakanidwa ndipo abwerera ku Malawi. Tinakatsanzikana nawo m'mawa wina kukuzizira kwambiri. Anandigwira mapewa n'kunena kuti, "Mabatire uziyamba wachotsa usanagwire waya."

Ku sukulu ndinaima ndekha pambali pa injini yathu. Ana ambiri anathamangira kumene mnzathu wina ankaphulitsa thovu m'botolo. Kwa ine kunabwera anthu ochepa, ndipo ndinawafotokozera za masekondi aja. Mphotho sindinapate.

Tinkayankhulana ndi a malume pa foni, ndipo nthawi zonse ankafunsa za sukulu. Anamwalira ndili m'chaka choyamba ku yunivesite, tisanaonanenso. Ku maliro sitinapite, tinalirira m'nyumba momwemo.

Ndi pa nthawi ya maliroyo pamene amayi anandiululira kuti a malume ankadziwa za kukanidwako tisanayambe n'komwe kumasula chophera ntchentche chija. A malumewo anapempha amayi kuti asandiuze, poopa kuti ndingasiye ntchitoyo pakati.

Lero ndine mphunzitsi wa sayansi ku Drumcondra, mu Dublin momwemuno, ndipo ndayamba kumvetsa zimene zinkachitika m'khitchini muja. Munthu amene moyo wake unali kugwa anali ndi masabata ochepa okha otsala m'dziko muno, ndipo akanatha kuwathera pa mantha ake. Iwo anasankha kukwera basi m'mvula kudzaphunzitsa mwana mmodzi, mpaka mwanayo atamvetsa.