Njanji za Nzimbe Pabwalo Langa

Fernando mwana wanga, akulemba ndi mlongo wako Rosita, koma mawuwa ndi anga, ndipo ndamuuza asasinthe ngakhale limodzi. Dzulo ndinaona nzimbe pamsika, ndinakumbukira tsiku lija unabwera kuno ku Mpadue utangoyamba kuyendetsa sitima ya malasha ku Moatize. Ndinakufunsa kumene umapita, iwe n'kuyala nzimbe ziwiri pabwalo. Unati, "Iyi ndi njanji yakale, amayi, yodzera ku Mutarara mpaka ku Beira. Inafa nthawi ya nkhondo, mitengo n'kumera pakati, kenako anaikonza. Inayi ndi yatsopano, imadutsa m'Malawi muja tinathawira, kukafika ku Nacala." Mfundo iliyonse ya nzimbe unaipatsa dzina la malo oimapo sitima. Ine ndinatola imodzi n'kuyamba kutafuna. Unaseka mpaka kukhala pansi. "Amayi, mwadya Malawi yense. Nanga komboyo yanga, sitima ija, idzera pati mawa?"

Tsiku lomwelo unalonjeza kuti udzandikweza sitima ya anthu, ndikaone nyanja ya mchere ku Beira. Ndinauza mpingo wonse kuti mwana wanga ndi makinishita, woyendetsa sitima. Matenda anakutenga tisanapite. Rosita akuti tipite awiri mwezi wamawa. Ndavomera, koma iye njirayo saidziwa, tidzangodutsa m'malo ngati akhungu. Nzimbe za pamsika zija ndinagula, ngakhale mano anatha. Ndaziyala pamalo pomwe paja, ndayesa kutchula mfundo ndi mfundo, ndathera pa Mutarara. Mayina otsalawo unapita nawo, mwana wanga.